Mlendo Amene Ankadziyalira Bedi

Panali munthu wina wa kumapiri a ku Ntchisi, mlangizi wa zaulimi, dzina lake Chimphonda. Anali munthu wofatsa, wosafuna kuona mnzake akutuluka thukuta chifukwa cha iye. Akafika pamunda n'kupeza mwini wake akupalira yekha, ankatsamiritsa njinga pamtengo n'kupempha khasu lina. Alimi ankamukonda, ngakhale ena ankamuseka kumbali kuti ulemu wake unapitirira muyeso.

Chaka china, m'nyengo ya dzinja, akuluakulu a kuntchito anamuitanira kumsonkhano wa masiku angapo ku Lilongwe. Alangizi ochokera m'maboma osiyanasiyana anawagoneka pahotela ina yaikulu, aliyense chipinda chakechake. Chimphonda anali asanagonepo malo otere. Tsiku lofika anavula nsapato pakhomo la chipinda poopa kudetsa pansi, ndipo bedi analikhalira m'mphepete ngati la eni ake.

M'mawa mwake akuvala kuti apite kumsonkhano, anamva kugogoda. Atatsegula anapeza mayi wachikulire wovala yunifolomu yabuluu, akukankha kangolo kodzaza matawulo, sopo ndi nsalu zoyala pabedi. Mayiyo anapinda mawondo pang'ono, napereka moni, nanena kuti ndi Nankhoma ndipo wabwera kudzakonza m'chipinda. Nthawi yomweyo mayi uja analowa, nayamba kukutumula mabulangeti.

Manyazi anamugwira Chimphonda. Kwawo anakula akudziwa kuti kuchipinda kwa mwamuna wapabanja sikulowa mkazi wina. Mlongo wake weniweni anali asanapondemo m'chipinda chake, ndipo mwana wake wamkazi atangotha msinkhu analeka kulowamo. Pogona pa mwamuna amayala ndi mkazi wake. Tsono apa mkazi wa mwini, wamkulu kuposa iye, anali atawerama pabedi lake, akutola masokosi ake pansi. Kenako anamuona atagwada m'bafa akukwecha, ndipo zinamupweteka mumtima. Anadzifunsa kuti, kodi ine ndine yani kuti mayi ngati ameneyu azigwada chifukwa cha litsiro langa? Tsiku lonse za msonkhano anangozimva ndi khutu limodzi.

Madzulo atabwerera m'chipinda anaona kakhadi patebulo, kokhala ndi chibowo chokolowekera pachogwirira cha chitseko. Panajambulidwa tsamba lobiriwira ndi dontho la madzi. Mawu ake ankati mlendo amene sakufuna kuti m'chipinda mwake mukonzedwe akoloweke kakhadiko panja, ndipo potero athandiza kusamala madzi ndi chilengedwe. Mawuwo sanali abodza. Kungoti eni hotela ankadziwa kuti zina kambu zina leku, ndipo za anthu amene amadya chifukwa cha zipindazo sanalembepo kanthu.

Kwa Chimphonda kakhadiko kanali yankho la pemphero. Kusamala madzi ndiko ankaphunzitsa alimi chaka ndi chaka. Mwambo wa kuchipinda usungika, ndipo msana wa mayi uja upumako. Anakakoloweka panja nagona tulo tabwino. Kutacha anayala yekha bedi, anatsuka bafa ndi sopo wake, tizinyalala ta pansi natola ndi manja.

Akanalekera pomwepo, bwenzi nkhani ino ili yaifupi. Koma munthu wabwino akatola chabwino safuna kudya yekha. Pa nthawi ya tiyi anayamba kuwauza anzake.

"Anzanga, tonse pano tinakulira kumudzi, ndipo manja tili nawo. Amayi amene akutikwechera mabafawa ndi amayi athu. Tiyeni tiwapeputse."

Ena anavomera chifukwa cha chifundo. Ena anavomera chifukwa m'zipinda mwawo munali mabotolo amene sankafuna kuti maso ena awaone. Enanso anangotsatira gulu. Pofika tsiku linalo, zitseko zonse za alangizi zinali ndi timakhadi, kuyambira pamasitepe mpaka kumapeto. Chimphonda ankadutsapo akumwetulira ngati mlimi woyendera munda umene wamera bwino. Kangolo kaja sikanamvekenso, ndipo iye ankati mumtima mwake, mayi aja ali pansi penapake akuwongola miyendo.

Munthu wa kumudzi amadzuka mbandakucha ngakhale palibe munda woti apite. Tsiku lina, tulo titamuthera, anatuluka kukazungulira mpanda wa hotela. Kuseri kwake kunali chimanga chimene anthu anadzala m'mbali mwa msewu, ndipo mlangizi sadutsa chimanga osasuzumira kunsonga kuti aone ngati muli mbozi. Ali chiweramire choncho, anamva kageti ka antchito kakutseguka.

Pagetipo panali amayi angapo atakhala pamiyala, atafunda zitenje chifukwa cha kamphepo ka mvula. Mapazi awo anali ndi matope a ulendo wautali. Kapitawo anatuluka naloza awiri. Kwa otsalawo anangoti, "Zipinda zachepa lero. Mudzayesenso mawa." Awiri aja analowa, geti n'kutsekedwa.

Pakati pa otsalawo Chimphonda anazindikira Nankhoma. Popanda yunifolomu ankaoneka wochepa thupi. M'manja anali ndi kakontena ka pulasitiki kokulunga m'jumbo. Mawu a kapitawo Chimphonda anawamva, koma mtima wake unali udakali wodzaza ndi ntchito yabwino imene anagwira, choncho anasendera pafupi mokondwa.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Masiku ano mukupumako eti? Ndinawauza anzanga onse kuti akoloweke timakhadi tija, musamavutike nafe."

Nankhoma anayang'ana pansi. "Tadzuka bwino, kaya inu bambo. Zikomo, tikupumadi."

Pambali pake panakhala mayi wina wotchedwa Nachisale, amene sankadziwa kusunga mawu m'kamwa. Anamuyang'ana mlendoyo kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Kani ndinu? Ife timati ndi alendo akunja. Bambo, ifetu ndife aganyu. Kapitawo akangofika amayamba wayendera zitseko. Chitseko cha khadi ndiye kuti palibe ntchito, ndipo popanda ntchito ife sitilowa. Tikumachoka ku Chinsapo wapansi, n'kubwereranso wapansi. Ndiye tsiku limene muzidzapita kwanu adzatiitana tonse kuti litsiro la masiku onsewa tidzalikweche m'mawa umodzi. Kupuma kwake n'kumeneko?"

"Asiyeni, achemwali," anatero Nankhoma chapansipansi. "Sankadziwa."

"Nanga anafunsa?" anayankha Nachisale. Kenako analoza jumbo ija. "Kontenayo mukuiona, bambo? Tikalowa ntchito amatipatsa chakudya cha masana. Awawa amadya pang'ono, chinacho amatengera amuna awo. Bambowo ali chigonere, ndipo mankhwala amene akumwa akapanda chakudya amawazunguza mutu. Dzulo kontena yabwerera yopanda kanthu. Dzana chimodzimodzi."

Manyazi anamugwiranso Chimphonda. Manyazi a tsiku loyamba aja anali aang'ono poyerekeza ndi awa. Anakumbukira mbale zimene ankadzaza m'chipinda chodyera, mazira, nyama, zipatso, ndi tulo tabwino timene ankagona podziwa kuti wachitira munthu chifundo. Anaona kuti chimene anapeputsa unali mtima wake, ndipo kulemera kwake kunagwera bambo wodwala amene iye sanamuonepo. Anamva chisoni chachikulu, ndipo dzanja lake linapita lokha m'thumba.

Nankhoma anapukusa mutu. "Ayi bambo, sitinabwere kudzapempha."

Dzanja lija linabwerera. Pamenepo Chimphonda anachita chimene akanayenera kuchita tsiku loyamba. Anavula chipewa nafunsa.

"Nanga ndichite chiyani, mayi?"

"Ingochotsani kakhadiko. Zinazo ndi ntchito yathu."

Amayi aja ananyamuka kulowera kwawo. Chimphonda anaima pomwepo akuwayang'ana mpaka atakhota, jumbo ija ikupepeluka m'dzanja la Nankhoma chifukwa inalibe cholemera.

Pobwerera anadutsa pazitseko zija. Timakhadi tinali tikulendewera monga dzulo, koma tsopano sanathe kutiyang'ana. Anachotsa kake nakaika m'thumba la malaya. Ta anzakewo sanatikhudze, popeza anali ataphunzira kale kuipa kogamulira anthu ena osawafunsa.

M'mawa uliwonse wapampando wa msonkhano ankapempha Chimphonda kuti atsegule ndi pemphero. Tsikulo anaimirira, koma sanatsinzine. Anatulutsa kakhadi kaja nakakweza m'mwamba.

"Tisanapemphere, anzanga, ndili ndi mlandu. Ndinakusocheretsani." Anawafotokozera za kageti kakuseri, za kapitawo woloza awiri, ndi za kontena yopanda kanthu. Sanadzichepetsere cholakwa, ndipo sanaloze chala eni hotela kuti abisalirepo.

Mlangizi wina wa ku Balaka, wokonda nthabwala, anati, "A Chimphonda, dzana mumatilalikira kuti tikoloweke, lero mukuti tichotse. Mwasanduka mvula ya masiku ano, yosadziwika pobwera?"

Anthu anaseka, ndipo Chimphonda anakulandira kusekako.

"Sekani, ndikuyenera. Koma mukatha kuseka, kachotseni."

"Nanga madzi aja?" anafunsa wina.

"Tawulo mukhoza kupukutira kawiri, osaliponya pansi kuti likachapidwe. Koma chitseko chitseguke."

Ambiri anachotsa tsiku lomwelo. A mabotolo aja anayamba abisa kaye katundu wawo m'zikwama, kenako nawonso anachotsa.

Chovuta chenicheni chinamudikira Chimphonda m'mawa mwake. Atadzuka, manja ake anayamba okha kuwongola bulangeti, monga anazolowera. Anawaletsa. Analisiya bedi lili chomwecho, pilo ali uko, nsalu ili uko, nakhala pampando kudikira. Mwambo wa kwawo unali ukulankhulabe mumtima mwake, ndipo sunali mwambo woipa. Koma anaona kuti pano sipanali pakhomo pake, ndipo mayi amene akubwerayo sakulowa kuchipinda kwa mwamuna, akulowa kuntchito kwake.

Kugogoda kunamveka. Atatsegula anapeza Nankhoma ali m'yunifolomu yabuluu, kangolo kali kumbuyo kwake. Anapatsana moni. Chimphonda anapatuka pakhomo nati, "Lowani, mayi." Manyazi sanamuchokere. Anatsika nawo masitepe, podziwa kuti ameneyo ndi katundu wake ndipo ayenera kumusenza yekha.

Masana, popita kukatenga cholembera chimene anaiwala, anapeza kangolo kaja kataima pakhomo la chipinda china. M'munsi mwake, kuseri kwa matawulo, munali jumbo ija. Kontena inali yodzaza, chivindikiro chake chitachita thukuta. Chimphonda anadutsa, nakatenga cholembera chake.

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Msonkhano unatha, alangizi anabwerera m'maboma mwawo, ndipo timakhadi tinabwerera pamatebulo kudikira alendo ena. Masiku amene amayi aja anabwezedwa pageti sanabwererenso. Chimphonda anapita kwawo ali munthu wachifundo yemwe uja. Chinasintha n'chakuti akafika pamunda wa mlimi, asanagwire khasu, ankayamba wafunsa.

Inu amene mukundimva, munthu ameneyu musamuweruze, pakuti sanali woipa, ndipo ambiri a ife tikadachita zomwezo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Koma m'nkhani iyi safunsa anadya mazira ndi nyama, phula linadyedwa ndi bambo wodwala wa ku Chinsapo. Chifundo chosafunsa chimatero, chimakoma kwa mwini wake. Choncho mukaona mnzanu atasenza mtolo, kaya ndi pahotela, kaya ndi pamsika, kaya ndi pakhomo panu pomwe, musathamangire kumutula. Imani, mupatseni moni, mumufunse. Mwina mtolo umene mukumumvera nawo chisoniwo ndiwo ukudikiridwa kunyumba kwake madzulo ano.