Adaputa Yobwereka pa Ukwati

Lachiwiri lapitali sindinaone tulo. Mwana wanga Mwatitha anali atatentha thupi, ndipo aneba anga anaZimba anali atandipatsa mapiritsi anayi a amuna awo, ali m'kapepala konyezimira. "Bambo akamva mutu amamwa omwewa," anatero. "Ndi oyera ngati a kuchipatala aja. Ingomudulirani theka." Ndinawagwira m'manja nthawi yaitali. Chimene chinandiletsa ndi fanizo ili, ndipo amayi anzanga mulimve.

Panali bambo wina wosaona amene ankaimba kiyibodi m'maukwati. Kiyibodiyo ndiyo inali khasu lake, ana ake ankadyera pomwepo. Womuperekeza anali mlamu wake, amene ankamukweza panjinga.

Tsiku lina anaitanidwa ku ukwati wa kutali, kuseri kwa phiri. Atamasula chikwama anapeza kuti adaputa, ija yolumikizira kiyibodi ku magetsi, yatsala kunyumba.

"Alamu, bwererani mukaitenge," anatero wosaonayo.

"Ndi dzuwa limeneli? Pomwe ndizifika kuno akwatiwa adzakhala ali ndi mwana kale," anaseka mlamuyo.

Mlamuyo anapita kwa mwini zokuzira mawu, amene anali ndi katoni yodzaza mawaya. Adaputa yoyamba inakula mutu. Yachiwiri inali yokhwepa. Yachitatu inalowa bwinobwino ngati inabadwira pomwepo.

Wosaonayo anaipapasa, naiyeza m'dzanja. "Iyi ikulemera, yanga ndi yopepuka. Pamsana pake pali nambala, pansi pa kiyibodi palinso ina. Tandiwerengereni ngati zikufanana."

Zilembo zinali zing'onozing'ono, ndipo galimoto ya akwati inali itayamba kuliza hutala kumsewu. Mlamuyo anangoponyapo diso osawerenga. "Ndi zomwezo, alamu. Yalowa, mukufunanso chiyani?"

Anayatsa. Kagetsi kofiira kanawala. Wosaonayo anaika zala, nyimbo inayamba, nthungululu zinalira, akwati analowa akuvina pang'onopang'ono. Asanafike pakati pa holo panamveka kuti phu! Nyimbo inaduka. Woyamba kudziwa anali wosaonayo, chifukwa fungo la pulasitiki wopsa linamufika anthu asanaone utsi. Amayi a nthungululu aja anatsala kukamwa kuli yasa. Mkwatibwi anaima mwendo umodzi uli m'mwamba. Woimbayo anapitiriza kudina, batani limodzilimodzi, kuyambira kumanzere mpaka kumanja. Palibe limene linayankha.

Mwini zokuzira mawu anatembenuza kiyibodi, nawerenga mokweza: 12. Anatembenuza adaputa: 24. "Mwaipatsa moto wowirikiza kawiri," anatero. "Yapseratu m'kati."

Wosaonayo sanakalipe. Anaikumbatira kiyibodi yake ikadali yotentha, nati, "Alamu, ine maso ndilibe, koma ndinafunsa. Inu muli nawo, koma simunayang'ane."

Amayi anzanga, chinthu chikalowa sindiye kuti ndi chake. Piritsi la bambo limalowa bwinobwino m'kamwa mwa mwana, limaonekanso ngati lake, koma mphamvu yake ili m'kati momwe diso silifika. Mwana ali ngati wosaona uja: amameza chimene tamupatsa pokhulupirira kuti ife tawerenga. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 6, zilembo zambiri zimandipita. Koma amene satha kuwerenga, kufunsa amatha. Kiyibodi ikapsa ina imapezeka m'sitolo. Nanga mwana mukamupeza kuti?

Mwatitha ndinangomupukuta ndi kansalu konyowa mpaka kunja kunayera. Kutacha ndinamubereka, mapiritsi aja ndinawamanga kunsonga ya chitenje, ulendo wa kuchipatala. Namwino atawerenga kumbuyo kwa kapepalako anagwira pakamwa.

"Mayi, awatu ndi a kuthamanga kwa magazi, a akuluakulu. Mwamupatsa angati?"

"Sindinamupatse ngakhale limodzi," ndinayankha. Ndinakhala pansi pa simenti pomwepo, mwana akundiseweretsa khutu kumbuyo.