Nkhondo Yosatha ya M'kalasi

Pasukulu ina ya sekondale panali mphunzitsi wa mbiri ya mayiko amene ana ankamutcha Mkulu wa Asilikali. Munthuyu sadagwirepo mfuti chibadwire, koma akayamba kufotokoza nkhondo ziwiri zikuluzikulu za padziko lonse zija, chofufutira pabolodi chinkasanduka ndege yoponya mabomba, madesiki n'kukhala malire a mayiko. Ana ankachita kuiwala kuti belu lalira.

Tsono phunzirolo linali ndi mitu itatu: nkhondo, kumenyera ufulu wodzilamulira, ndi ubale wa dziko ndi mayiko ena. Iye ankangozungulira pamutu woyambawo ngati mbuzi ya pachingwe.

M'kalasi yolemba mayeso chaka chimenecho munali mwana wake wamkazi wachisamba, amene ankafuna kukaphunzira zamalamulo. Popanda kukhoza bwino phunziro la bambo akelo, malo kukoleji sakadawapeza. Tsiku lina akusita malaya a bambowo adati, "Ababa, mafunso okonzekera mayeso alipo makumi atatu, ine ndikutha khumi okha. Za ufuluzi tiyamba liti?"

"Tifika, mwanangu. Zimenezo ndi misonkhano ndi makalata basi. Sabata imodzi tathana nazo."

Mphunzitsi wamkulu nayenso adamuimitsa pakhonde. "Aphunzitsi, nkhondo yanuyi eni ake adaileka kalekale. Kuno itha liti?"

"Sabata yamawa, bwana," adayankha akuseka.

Sabata yamawayo idabwera ndi chimfine. Yotsatira idadyedwa ndi mipikisano ya masewera, inayo anyamata ankasenza madesiki kupita nawo muholo ya mayeso. Atatsala masiku awiri kuti mayeso ayambe, mphunzitsi adaima kutsogolo n'kulakatula zaka makumi anayi za kumenyera ufulu mosapumira. Ana adalemba mpaka zala kuuma, mayina a zipani kusakanikirana ndi a mapangano.

Pepala la mayeso lidati aliyense ayankhe funso limodzi m'gawo lililonse. Pa nkhondo mtsikana uja adadzaza masamba asanu. Gawo lachiwiri lidafunsa chifukwa chimene mayiko ena adapezera ufulu pokambirana pomwe ena adachita kukhetsa mwazi. Adalemba nambala ya funsolo, naika cholembera pansi, n'kumangoyang'ana wotchi ya pakhoma.

Zotsatira zitatuluka, maphunziro ena onse adakhoza bwino kupatula limodzilo. Madzulo ake banja lidakhala patebulo kudya. Bambo, manyazi atamugwira, adafunsa motsitsa mawu, "Koma la nkhondo lija udayankha bwino?"

"Ndidayankha bwino, ababa," adatero mwanayo akutolera mbale. "Chaka chamawa ndikabwerezera kusukulu ina."

Ndipo adaterodi. M'mawa uliwonse ankatulukira limodzi pakhomo, bambo kukhotera kumanja, mwana kumanzere, ulendo wa ola lathunthu wapansi kukaphunzira kwa mphunzitsi wina zimene zikadaphunzitsidwa m'nyumba momwemo. Akuluakulu sadaname: zengerezu adalinda kwawukwawu.