Mlamba Akwera Kutsogolo

Kalekale, koma osati kale kwenikweni, poti magalimoto anali atayamba kale kupha nkhuku m'misewu, pansi pa mlatho wina panali thamanda. Tasunthani inu, mukunditchingira moto, ndipo amene akukukuta chimangayo akukute mwaulemu.

M'thamandamo munkakhala matemba ndi Mlamba. Matemba ankayenda pamodzi, kukhota pamodzi, kuthawa pamodzi. Mlamba ankayenda yekha, chifukwa aliyense amene anayendapo naye anathera m'mimba mwake. Iye ankati ndi mtetezi wa matemba. Ankawatetezadi, tsiku lililonse awiri atatu, n'kuwasunga pamalo poti kakowa sangawapeze.

Chaka china dzuwa linakwiya. Madzi n'kumaphwa, thamanda n'kumachepa, matemba nawo n'kumachepa.

Tsiku lina galimoto inaima pamlathopo, n'kutsika a Kachingwe, mwini nyumba yogona alendo ya m'tauni. Anali atagula bokosi lagalasi losungiramo nsomba zamoyo, loti alendo aziyang'ana podikira chakudya. Anasuzumira m'madzi nayamba kulankhula okha.

"Bokosi langa n'laling'ono. Ndikufuna tinsomba tating'ono, toyenda pamodzi, tosadyana. Mawa ndibwera ndi neti."

Matemba anamva. Mlamba anamvanso, ndipo anaitana mtsogoleri wa matemba, kamunthu kowonda kotchedwa Katemba.

"Iwe, akuti kumeneko chakudya chimagwa chokha kuchokera kumwamba?"

"Akutero, amalume."

"Ndipo m'bokosimo mulibe mphanga, mulibe bango lobisalamo?"

"Mulibe, amalume."

"Basi ndipita nanu. Ana inu mungakhale bwanji m'tauni popanda wamkulu?"

Katemba anachita mantha, sindikubisirani. Kutsala kunali kuuma pamodzi ndi matope. Kupita ndi Mlamba kunali kukadyedwa mmodzimmodzi, alendo akuonerera.

Mlamba anayamba kuphunzira kuyenda pagulu. Analowa pakati pa matemba nabweza mimba. Matemba akakhotera kumanzere, iye pamwala gu! Akakhotera kumanja, iye m'matope phwa! thamanda lonse bii. Pophunzirapo anamezako awiri, akuti mwangozi.

"Mukukhoza zedi, amalume," anatero Katemba. "Munthu sangakusiyanitseni ndi ife. Chondiwawa n'chakuti mukakwera nafe kumbuyo."

"Kumbuyo kwake kuti?"

"M'ndowa, kumbuyo kwa galimoto, pamodzi ndi matumba a makala. Ife kuthithikana tinazolowera. Koma inu mwakalambira pansi pa mlatho uno. Nsomba zikuluzikulu zimadutsa pamwambapa zitakwera pati?"

Mlamba anayang'ana pamwamba pa mlatho. Zinali zoona, ankaziona ndi maso ake: chambo chonenepa chitapachikidwa kutsogolo kwa galimoto, pafupi ndi dalaivala, chikupitidwa mphepo, kukamwa kuli yasa.

"Kodi zimakhala zikuseka chiyani zija?"

"Ulemu umakoma, amalume. Koma mwina si wa aliyense. Ingobwerani tikathithikane m'ndowa."

"Ndithithikane ndi iwe? Ine? Tanena msanga, munthu amatani kuti akwere kutsogolo?"

"Neti ikabwera musalowe pagulu. Pitani m'mphepete, pamatope, mugone chagada mimba ionekere bwino. Akuluakulu sabisala."

M'mawa mwake a Kachingwe anabwera ndi neti yotchingira udzudzu, ija anapatsidwa kuti azigonamo. Anakokolola kamodzi kokha, matemba onse waa! m'ndowa yamadzi. Potembenuka anaona chimlamba chili gada pamatope, chikuwayang'ana ndi nkhope ya munthu woyembekeza mpando.

"Koma Mulungu amapatsa," anatero a Kachingwe. "Ndinadzera zokongoletsa, ndapezerapo ndi ndiwo."

Mawu otsirizawo Mlamba sanawamve, anali kalikiliki kuwongola ndevu. A Kachingwe anamulowetsa luzi kukamwa n'kutulukira m'mbali mwa mutu, namupachika kutsogolo, pafupi ndi dalaivala penipeni. Galimoto n'kunyamuka, vuuu.

"Katemba, ukundiona?" anakuwa Mlamba, luzi lili m'kamwa.

"Tikukuonani, amalume," anayankha Katemba ali m'ndowa. "Pakukhalani. Mukafika musatiiwale."

Mlamba safa msanga, mukudziwa inu, choncho ulemu wakewo anaumva msewu wonse: fumbi, dzuwa, ndi ntchentche zomuperekeza.

Matemba anakalowa m'bokosi lija. Linali laling'ono ndithu, ukakhota kamodzi wakumana ndi mchira wa mnzako. Koma kukada, aliyense amene anadzuka m'mawa ankapezeka alipo, ndipo zimenezo kwa matemba zinali zachilendo.

Bokosilo analiika m'chipinda chodyera. Mlamba anafikamo, monga analonjezera, ali pambale yaikulu pakati pa tebulo, tomato ndi anyezi zitamuzungulira. Alendo anasamba m'manja nasendera pafupi.

Katemba anagunditsa mphuno pagalasi. "Anzanga, taonani amalume," anatero. "Ngakhale kuno awapatsa malo aulemu."

Nthano yanga yaphwera pomwepa, ngati thamanda lija. Inu amene mumathyolana nthiti polimbirana mpando wakutsogolo, muziyamba mwafunsa ngati akukutengani ngati mlendo kapena ngati ndiwo. Wina akaphule mbatata zija, ndikumva kununkha kupserera.