Uchi wa Njuchi Zakufa

Padangokhalatu, ana inu, kale mitsinje isanayambe kuphwa, Chiuli adapeza phanga lodzaza uchi m'phiri. Njuchi zake zidafa kalekale, koma uchi udatsala, wakuda bii, wochita kutayikira pakhomo.

Uchiwo sudali wamasewera. Ukanyambita kamodzi, unkathamanga tsiku lonse osatopa. Nyama zonse zidasiya minda yawo kudambo n'kukamanga kuphiriko. Madzi adali kutali, koma ankadandaula ndani? Kungonyambita, liwiro, wafika kumtsinje. Zinkaimba kuti:

"Uchi ulipo, khasu ligone!
Uchi ulipo, khasu ligone!"

Nguluwe nayenso ankaimba nawo. Chaka choyamba adanyambita ataima pakhomo. Chachiwiri adalowetsa mutu. Chachitatu adachita kukwawa mpaka mchira kubisika. Pamenepo adapita kwa Chiuli.

"Achimwene, kodi akubwezeramo uchiwu ndani?"

"Watha ngati?" adafunsa Chiuli.

"Sunathe ayi. Koma ukuthawira m'kati."

"Ndiye tiziutsatira konko!"

Nyama zidaseka, Nyani mpaka kugubuduka pansi. Nguluwe adapempha kuti mmodzi yekha atsike naye kudambo. Palibe adanyamuka.

Adatsika yekha. Khasu adalipeza litachita dzimbiri, mpini utadyedwa ndi chiswe. Adasema wina. Thupi lozolowera uchi lija lidakana ntchito: mizere itatu, wagona, mizere itatu, wagona. M'munda wakale adapezamo mbatata yomera yokha, nayamba kuibzala pang'onopang'ono. Adakumbanso chitsime pafupi, choti n'kufikapo ngakhale wopanda mphamvu.

Kudamboko kudali zii. Kukacha, padalibe womufunsa kuti wadzuka bwanji. Mphepo ikabweretsa nyimbo ija kuchokera kuphiri, ankaimika khasu n'kutchera khutu. Tsiku lomwe adafukula mbatata yoyamba adafuula kuti, "Yabereka! Taonani!" Adacheuka uku, adacheuka uku. Adaidya yekha.

Komabe chaka chilichonse ankaonjezera mizere yoposa mimba yake. "Abwera," ankatero. "Anzanga abwera."

Nyimbo idayamba kumveka motsika. Kenaka mwa apo ndi apo. Kenaka idaleka.

M'chilimwe china, dzuwa lili paliwombo, Nguluwe adaona wina akutsika phiri modzikoka. Adali Chiuli, nthiti zili pamtunda.

"Achimwene! Uchi watha?"

"Ulipo," adayankha Chiuli. "Koma uli kutali, m'kati mwenimweni. Ukanyambita, mphamvu yonse imathera potuluka. Zokatunga madzi ndiye iwalani."

"Nanga anzathu aja?"

"Ena adabalalika. Nyani tidamuika mwezi watha. Otsalawo akukwawabe m'phangamo. Ndawaitana, akuti kutsogoloko uliko wambiri."

Nguluwe adayang'ana mizere yonse ija, yokwana mudzi wathunthu, misozi ili lengelenge. Adamwetsa mnzakeyo madzi, namupatsa mbatata. Chiuli adadya, kenaka adatambasula zikhatho zake zofewa.

"Kulima ndidaiwala, achimwene."

"Inenso ndidaiwala," adatero Nguluwe. "Mawa mulime mzere umodzi basi. Tikatha tikwere phiri, tikawaitanenso."

Adakwera kangapo konse. Palibe wina adatsika nawo. Dambo lonse lija adalikhala awiriwiri.

Nthano yanga yaima pamenepa, ana inu: chimene mukudya popanda wobwezeramo, phunzirani kukhala popanda icho chikadalipo.