Madontho 42 a Mayi Wotchi

Mu wodi ya abambo munali namwino wamkulu amene aliyense ankamutcha Mayi Wotchi, chifukwa cha kawotchi kamene kankalendewera pachifuwa pawo. Atagwira ntchito yoika madripi zaka makumi atatu, masamu ake anali atawalowa m'magazi. Dokotala akalemba kuti thumba la madzi la mamililita 1,000 lithe m'maola asanu ndi atatu, iwo ankangoti, "Madontho 42 pa mphindi," n'kutembenuza kagudumu ka pa paipi. Ndipo sankaphonya. Mtima anali nawo wabwino mayiwa, koma makani ndiye anali a mbuzi yokana kulowa m'khola.

Lolemba lina m'mawa kunagonekedwa mlamu wawo, mwamuna wa mng'ono wawo, atatsekula m'mimba masiku atatu. Bamboyu mtima wake unali wofooka kale, choncho dokotala anachenjeza kuti madzi alowe pang'onopang'ono, thumba limodzi maola asanu ndi atatu.

"Mlamu, musandibaye ngati mukubwezera," anatero wodwalayo.

"Khalani chete inu. Mitsempha yanuyi ikuthawa ngati mwini wake akaona ntchito," anayankha Mayi Wotchi, uku akutchera madontho awo 42 aja.

Pambali panaima namwino wina amene anali atangosamutsidwa kuchokera ku chipatala china sabata yomweyo. Iyeyu anatola pepala lokutira paipi ija n'kuliwerenga.

"Pepani amayi, mapaipi abwera tsopanowa ndi a madontho 10 pa mililita imodzi, osati 20 ngati akale aja. Madontho ake ndi akuluakulu. Tikachulukitsa 1,000 ndi 10, n'kugawa ndi mphindi 480, akubwera madontho 21."

"Mwanangu, ine ndinayamba kuwerenga madontho iwe usanamere mano. Paipi ndi paipi. Pita ukatsuke mabala uko."

Mlendoyo anapita kukafuna dokotala, koma anapeza ali mkati mwa opaleshoni. Pobwerera analemba kamzere pathumbapo, pamene madzi anayenera kufika pakatha maola awiri, kenaka anapita ku mabala mtima uli m'mwamba.

Maola awiri asanakwane, mlamu uja anasiya nthabwala. Anayamba kutsokomola, mpweya ukuchita kuperewera. Mlendoyo anathamanga kukawakoka dzanja Mayi Wotchi, n'kuwalozera thumba. Madzi anali atadutsa kamzere kaja kalekale, thumba lili pafupi kufika theka.

Mayi Wotchi thukuta linangoti kamukamu. Anatseka paipi, anamudzutsa mlamu wawo n'kumutsamiritsa pa mapilo, ndipo anathamanga okha kukaima pakhomo la opaleshoni. Dokotala atatuluka, Mayi Wotchi sanazungulire.

"Ndalakwitsa ndine, adokotala. Namwino watsopano uja anandiuza, ine ndinatseka makutu."

Dokotala anamubaya mlamu uja jakisoni wochotsa madzi m'thupi. Pofika masana chifuwa chinapepuka, bambo uja n'kuyambanso kuvuta.

"Mlamu, ine ndabwera wouma, inu mwati mundimize?"

Wodi yonse inaseka, koma Mayi Wotchi kuseka kunawakanika. Anatulukira pakhonde, kumene anapeza namwino watsopano uja akupinda nsalu zoyala pabedi. Mayi Wotchi anamuyandikira. Kenaka anagwira manja ake onse awiri, misozi ili lengelenge.

"Ndikanakamuuza chiyani mng'ono wanga? Kuti mwamuna wake wapita chifukwa ine ndinachita ulesi kuwerenga kapepala?"

"Zatha amayi, ali bwino."

"Ali bwino chifukwa cha iwe. Mawa m'mawa uime kutsogolo, utiphunzitse tonse masamu a mapaipi amenewa. Ine ndikhala pampando woyamba."

Anthufe tikakhalitsa pamalo timayesa kuti nzeru zonse tinazimaliza, ndipo wobwera dzulo timamuona ngati wodzangotola zinyalala. Koma akuluakulu anaona patali ponena kuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.