Besi ya a Hamilton

Ku Yofu, pachilumba, kunalibe wosadziwa mawu a bambo Hamilton. Akatsitsa besi m'kwaya ya tchalitchi chachikulu ku Chipyela, ngakhale mileme ya kudenga inkasamuka. Ndiye mawuwo atayamba kusasa, pakhosi n'kutuluka kachotupa, akazi awo a Marian anawakweza sitima ya pamadzi mokakamiza mpaka kuchipatala chachikulu kumtunda.

Inali khansa, koma yopezeka msanga. Madokotala anachotsa kachotupako, kholingo n'kulisiya.

"Mawu apulumuka," anatero dokotala, "koma matendawa amabwerera mwakachetechete. Miyezi itatu iliyonse muzibwera tidzakuoneni, mpaka zaka zisanu. Fodya musiyiretu."

Atafika kwawo, eee, a Hamilton anasanduka wailesi. Aliyense wokumana nawo panjira ankamuonetsa chipsera. "Khansa inandiputa, ine n'kuigwetsa chagada!"

Ulendo woyamba anapita. Wachiwiri unagundana ndi chikondwerero cha Petro Woyera.

"Sitima ndi ya mawa, bambo," anatero a Marian, kakhadi ka kuchipatala kali m'manja.

"Amayi inu, tsiku lalikulu ngati limeneli besi aimbe Yoswa? Uja amalira ngati mbuzi yomangidwa? Wochira sapita kuchipatala."

"Wakuuzani kuti mwachira ndani?"

"Makutu anu sakumva?" Pompo anaiyamba nyimbo mpaka nkhuku zinabalalika pabwalo.

Kakhadi kaja kanakathera m'buku la nyimbo, n'kumasunga tsamba. Fodya naye anabwerera m'thumba. Chaka chinatha, china n'kutha. Mawu atasasanso, iwo anati ndi kuzizira kwa mwera basi. Pamene ankavomera kukwera sitima n'kuti ngakhale phala likuvuta kumeza.

Dokotala anapukusa mutu. "Mukanabwera nthawi ija, tikanakapeza kakadali kanjere. Tsopano kuti mukhale ndi moyo, kholingo lichoke lonse."

Moyo anaupezadi, ndipo zaka zapitapo ali athanzi. Tsiku la kuchipatala likayandikira, amayamba ndi iwo kulongedza chikwama. Amapumira pakabowo ka pakhosi, kophimbidwa ndi kansalu kamene a Marian anawasokera. Koma Lamulungu ndiye limawawa: amakhala pabenchi la kumbuyo, Yoswa ali kutsogolo ndi besi yake ya mbuzi ija, iwo n'kumangogwedeza milomo kutsatira nyimbo, misozi ili chuchuchu.

Akuluakulu sananame ayi: linda madzi apite, ndiye uziti ndadala.