Pulambala wa a Tcheyamani

A Chidzanja, tcheyamani wa msika, anaponya foni pa benchi ya Yotamu wokonza mafoni, akazi awo ali pambali.

"Batire likumatha dzuwa lisanafike pamutu. Ukonze pompano, apo ayi mawa usamuke pano."

Yotamu analibe batire lina. Anaisanthula foniyo pang'ono.

"Bwana, batire lilibe vuto. Akumaliza moto ndi uyu munamulemba kuti Pulambala. Mumacheza naye pa vidiyo maola anayi tsiku lililonse. Timuimbire, tione mmene moto ukutsikira?"

"Pulambala?" anafunsa mayi aja. "Bambo, ife timatunga madzi pamjigo."

A Chidzanja anatsomphola foni ija n'kuiponya m'thumba.

"Yachira. Yotamu ndi katswiri, asamusunthe munthu."

Mayi aja anatambasula dzanja.

"Poti yachira, bweretsani ndiiyese ndine."